Achimwene, Muletseni Oswald

Lachiwiri, 11 March 2008

Keziah 09:12
achimwene ernesto, mwana wanga oswald wafika pa sitima ya ilala. akuti kuusilikali amusankha kupita ku darfur kukasungitsa mtendere. pls muletseni, inu amakumverani

Keziah 10:40
ndakuflashani ka3 bwnj kodi

Ernesto 13:05
pepani achemwali, net kuno ku cobue mpaka kukwera phiri. oswald yemwe uja ndinkamuika paphewa popita ku tchalitchi ku chipyela?

Keziah 13:07
yemweyo. mwana mmodzi yekhayo. nkhondo ya eni ake ikumukhudza chani? inu nkhondo mukuidziwa, muuzeni zoona

Ernesto 13:15
ndikuidziwa ndthu. mu 86 tikuthawa nkhondo tinakocheza pachilumba panu pa mbungo ndi bwato lothonya, opanda ngakhale bulangete. malemu bambo anu sanafunse kuti nkhondo nja ndani. anangoti kokerani bwato kumtunda, lowani mnyumba

Keziah 13:18
izo nzina. ife sitinanyamule mfuti, tinangokupatsani mphasa ndi kondowole

Ernesto 13:22
kondowole wa amayi uja! ndinatsamwa tsiku loyamba inu mukuseka kuseri kwa chitseko

Keziah 13:26
nanga ku kwaya ya cathedral? bass yanu ija, mawu osawadziwa, kumangoti mmm mmm. amayi anaseka mpaka kutuluka panja

Ernesto 13:39
zinali zaka zokoma ngakhale tinali othawa. koma mlongo wanga maria sanazione, anatsala kutsidya kuno bwato litadzaza. ndinkakwera pathanthwe kuyang'ana utsi kwathu, ndikumati mayiko akuona, abwera. a UN anabwera 93 ndi magalimoto oyera, akuluakulu atasainirana kale. maria titamulira kalekale

Keziah 13:41
mwaonatu, sathandiza kanthu

Ernesto 13:55
anathandiza. anatolera mfuti, 94 ndinabwerera kwathu. koma anachedwa. midzi ikayamba kupsa ndipo boma likulephera kapena ndi lomwe likuotcha, nthawi ndi yomweyo. sindingamuletse achemwali, pakamwa pangandiwawe

Ernesto 14:30
mwakwiya?

Ernesto 16:02
ndikutsika phiri, battery yatha

Lachinayi, 13 March

Keziah 08:20
amalume ndine oswald, ndili pa foni ya amayi. kuyambira dzana akungosenda chinangwa. mantha ndili nawo koma musawauze

Ernesto 11:47
mantha usawataye mphwanga, ndi amene adzakubweze wamoyo. ukakafika upereke moni kwa eni mudzi, mfuti iyang'ane pansi. ife yunifolomu iliyonse tinkaithawa. ukakaona mayi wakhala phee osalira, usamudutse

Keziah 11:50
ndamva amalume. ndidelete zimenezi asanaone

Loweruka, 15 March

Keziah 10:31
wapita. ma sms anaiwala kudelete, ndawerenga onse. ndamuperekeza mpaka mboti. ndamuuza kuti nanenso mantha ndili nawo, tinangoseka ngati zitsiru anthu akutiyang'ana

Ernesto 12:10
mulungu amusunge. mwandikhululukira?

Keziah 12:14
ayi. akabwera ndi miyendo iwiri tidzaona

Keziah 12:29
zaka 8 tinadyera mbale imodzi sindinakufunsenipo. maria anali wotani?

Ernesto 12:33
wamwano ngati inu. sms singakwane. mnzanga armando akuwolokera kwanuko ndi makala lolemba, ndikwera naye