Za Mlendo wa M'kalasi ya Masamu

Msonkhano wa Komiti ya Makolo ndi Aphunzitsi
Tsiku: Loweruka, 9 Meyi
Malo: Chipinda cha aphunzitsi
Opezeka: Wapampando, Mlembi, Mphunzitsi Wamkulu, Mphunzitsi wa Masamu, oimira makolo: Amakanika, Anamwino, Mayi Telala
Opepesa: Wachiwiri kwa Wapampando (akudwazika)

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula msonkhano 9 koloko m'mawa.

2. Chitetezo cha makalasi a pa vidiyo
2.1 Mphunzitsi Wamkulu anafotokoza kuti Lachitatu munthu wosadziwika analowa m'kalasi ya pa vidiyo n'kuonetsa ana zithunzi zolaula. Linki yolowera m'kalasiyo inali itafalikira m'magulu a pa foni, moti aliyense ankangolowa.
2.2 Amakanika anati makalasiwa athe lero lomwe, poti mwana wawo akukana kuyandikira foni kuyambira tsikulo. Anamwino anafunsa kumene ana aziphunzirira pamene denga la sukulu silinakonzedwe. Yankho la Amakanika, Wapampando analamula kuti lisalembedwe.
2.3 Komiti inagwirizana kuti mawu achinsinsi olowera m'kalasi azisinthidwa sabata iliyonse, woonetsa zithunzi azikhala mphunzitsi yekha, ndipo aliyense azidikira mpaka mphunzitsi amulowetse pa dzina lake lenileni.

3. Munthu wina wosadziwika
3.1 Mphunzitsi wa Masamu anati m'kalasi mwawo mwakhala mukulowa wina wodzitcha "Mlendo" kwa masabata asanu, kamera yozimitsa. Sasokoneza, amangolemba mayankho, ambiri olondola. Amakanika anati ameneyo akanenedwe kupolisi.
3.2 Mayi Telala anaimirira nati, "Apolisi musawavutitse. Mlendoyo ndine." Anafotokoza kuti sukulu anaisiyira panjira bambo awo atamwalira. Linki anaitenga m'foni ya mwana wawo, ndipo amamvetsera uku akusoka. Anapepesa, nati ngokonzeka kutula pansi udindo. 
3.3 Anamwino anati akumvetsa, koma khomo limene mayiwo analowera ndi lomwelo analowera wa zithunzi uja. Mayi Telala anavomereza.
3.4 Komiti inagamula kuti mayiwo asadzalowenso m'kalasi ya ana, koma inakana zoti atule udindo. Mphunzitsi wa Masamu anadzipereka kutsegula kalasi ya makolo Loweruka lililonse, ya mawu achinsinsi akeake. Anaonjezera kuti wophunzira wolemba homuweki osakakamizidwa sangamutaye chonchi.

4. Zina ndi zina
4.1 Anamwino anavomera kukacheza ndi ana amene akadali ndi mantha, kuyambira mwana wa Amakanika.
4.2 Amakanika anafunsa ngati m'kalasi ya makolo n'kololedwa kuzimitsa kamera. Anauzidwa kuti ayi. Analembetsabe.

5. Kutseka
Msonkhano wina udzakhala pa 6 Juni. Wapampando anatseka zokambirana nthawi ya 11:20 m'mawa.

Wapampando: ______________
Mlembi: ______________