Mayi A

Lolemba, 4 Malichi
Msonkhano wa kafukufuku wathu, mu holo ya hotela. Ine kutsogolo, jekete yatsopano, kandodo kolozera m'manja. Uthenga wanga wa masiku onse: chaka chilichonse m'kalasi chimakankhira ukwati patsogolo. Kuti mabwana asawodzere, ndinaikapo chitsanzo. "Mayi A": sukulu anasiya ali ndi zaka 15, ukwati 16, ana asanu, awiri mwa iwo mapasa, asanakwane 30. Ndinati ameneyu satifiketi yake ndi khadi la kusikelo. Holo yonse phwete. Ine kukomedwa.

Kenako maso kumbuyo, pa tebulo la tiyi. Akulu anga enieni, epuloni yoyera, ketulo m'manja. Kampani imene amagwirako ndiyo inkatiphikira. Anandithirira tiyi, shuga masupuni awiri, osafunsa.

Lachiwiri, 5 Malichi
Foni sakuyankha. Ndayeserera mlandu pagalasi: dzina sindinatchule. Bodza la ophunzira. Zaka zonse zija ndi zawo, mpaka mapasa ndinawaikamo.

Tinagwirizana kale kuti mwana wawo wamkazi, wa zaka 16, adzakhale kwanga amalize sekondale. Kwawoko dalaivala wina wayamba kale kupereka moni wautali. Akulu anga akakwiya n'kumukaniza kubwera, ndiye kuti nthabwala yanga yakwatitsa mwana.

Lachisanu, 8 Malichi
Zimene sindinawauze mabwana: chaka chimene bambo anagwa m'matenda, mmodzi anayenera kutsala pakhomo. Amene anatsala ndi akulu anga. Yunifolomu yawo anaibweza ndi singano kuti indikwane.

Mayi B ndine. Zaka 36, madigiri atatu, m'nyumba muli maluwa awiri, limodzi lofota. Ameneyu sindinamuike pakhoma kuti anthu amuseke.

Abwana atumiza uthenga: "Ya khadi la kusikelo ija, mudzaibwerezenso kwa opereka thandizo."

Lamlungu, 17 Malichi
Ogogoda masana. Akulu anga, mwana uja, sutikesi yomanga ndi lamba. Mpando anaukana. Anayendera chipinda, kugwira matiresi, kuyesa loko wa zenera. Nditayamba kupepesa anakweza dzanja.

"Adokotala, uyu ndakubweretserani. Achedwe kukwatiwa ngati inu. Koma pakamwa atengere ine."

Basi, anapita. Sanalole ndiwaperekeze.

Mwana wayala mabuku ake patebulo langa, pambali pa mafayilo a kafukufuku. Wawerenga chikuto cha imodzi, n'kundiyang'ana.

"Mayi aang'ono, kodi ntchito yanu kwenikweni ndi yotani?"

Ndati ndiyambe ndaika madzi a tiyi. Awira kalekale, ndikadali kukhitchini.