Mwana wanga akuti "kwanu"

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi ndi mnyamata wa zaka zisanu ndi chimodzi. Bambo awo amagwira ntchito yoika makina m'zipatala. Akamaliza dziko lino, kampani imawatumiza dziko lina, ife n'kumanga katundu kuwatsatira. Tinanyamuka mnyamatayu ali kumsana, tikuti tikakhalako chaka chimodzi chokha. Lero tili m'dziko lachinayi.

Ndisaname, taona zinthu. Ana anga akwera ndege ndi sitima ya pamadzi, pamene ine ndinakula ndikudziwa njinga ndi basi, basi. Mtsikanayu amanenerera pamsika m'zilankhulo zitatu. Ine ndimasoka, ndipo makina anga ndiwo amayamba kulowa m'sutukesi, nsapato za abambo zimalowa malo akatsala. Koma nyumba iliyonse ya lendi timapeza makatani a eni, mipando ya eni, ndipo sitikhoma msomali pakhoma chifukwa tikudziwa kuti tichoka.

Mtima wanga unatsala pakhonde pa bambo anga. Iwo amakonza njinga. Ndikatsinzina ndimamva fungo la girisi ndi guluu, ndimaona beseni la madzi akuda limene ankamizamo chubu pofuna pobooka. Ntchito yanga ndili mwana inali kudikira thovu. Ndikalipeza ankati, "Maso awa ndidzawalemba ntchito." Chitseko chathu chinkafufuma mvula ikagwa, munthu unkachita kuchikankha ndi bondo. Ndachisowa chitseko chimenechi, Aphungu, mundiseke ngati mufuna. Mayi anatisiya kale. Bambo tsopano maso achita mdima, masipoko amachita kuwapapasa, ndipo mng'ono wanga ndiye amawagwirira foni.

Mwezi watha tikucheza nawo pafoni, mnyamatayu anakwera pamiyendo panga n'kufunsa, "Amayi, kodi kwanuko tidzapita liti?" Kwanu! Bambo anamva. Anaseka pang'ono n'kuti, "Umuuze mlendoyo kuti khomo n'losatseka."

Titadula foni ndinamukalipira mwana. Ndinati, "Iwe, kwanu n'kuti?" Anayang'ana masutukesi pamwamba pa wadiropu n'kuti, "Kaya." Ndinakalilira kubafa. Chondipweteka n'chakuti tsiku silipita osawatchulira kwathu. Akasiya chakudya m'mbale ndimati, "Kwathu sititaya chakudya." Akadutsa pakati pa alendo ndimati, "Kwathu mwana satero."

Tsopano abambo a anawa awapatsa zaka zina ziwiri, dziko linanso. Akuti, "Ana akutseguka mutu, ndipo ntchito ngati iyi sibwera kawiri." Sakunama. Koma ine ndikufuna kutenga ana tibwerere, akawadziwe agogo awo maso asanatheretu. Ndikapita ndagawa banja pakati. Ndikatsala, ana anga akula ali alendo pakhomo pa bambo anga. Nditani?

N.K., pa nyumba ya lendi, kutali

Mayi N.K.,

Za chitseko sindiseka, inenso ndili nacho changa. Koma ndikuyambirani ndi chowawa: mwanayo sanalakwe Chichewa. Anayankha mmene munamuphunzitsira.

Werenganinso kalata yanu. Munthu akakuuzani kuti "kwathu sititero," kodi wakuwerengerani m'gulu, kapena wakuikani panja? Liwu limeneli limakumbatira, limakankhanso. Inu za beseni ndi thovu mwandiuza ine, munthu wosamudziwa, mpaka ndamva fungo la guluu ndili pampando. Ana mwawapatsa malamulo okhaokha. Kwa mnyamatayo, kwathu ndi dziko limene amayi amalitchula nkhope itakwinyika, kumene aliyense amamaliza mbale ndipo iye yekha ndiye wolakwa. Akatani kumeneko? Pitani mukamupepese. Mwana amapepesedwa, simufa nazo.

Mukatero, lekani kukwapula ana ndi liwu limeneli. Mbale ikatsala, nenani za mbale. Kwathu muzikutchula posoka, iwo atakhala pansi akutola mabatani. Auzeni tsiku limene munagwa panjinga ya kasitomala, chifukwa ndikudziwa munagwapo. Ndipo muzinena kuti "kwa agogo ako," "khonde lako lija." Foni ikalira, musamamuimitse mwana ngati msilikali kuti apereke moni. Mpatseni gudumu la kanjinga kake aliwonetse, agogo amufunse pamene palira. Wokonza njinga salankhula bwino popanda chogwira.

Za amuna anu. Musawaikire nkhani ngati mpeni pakhosi kuti asankhe ntchito kapena inu. Munthu amene wanyamula banja lonse m'maiko anayi, pamene anzake amasiya akazi pakhomo n'kumangotumiza zithunzi, si mdani wanu. Koma "chaka chimodzi chokha" chija chinakula n'kubereka ana. Asanasaine, khalani pansi mugwirizane ziwiri: tchuthi chachitali chikubwerachi inu ndi ana mupita, osati sabata imodzi yogawa mphatso koma nthawi yokwanira kuti ana atukwanidwe ndi amayi awo aang'ono ngati ana ena onse. Chachiwiri, ulendo wonsewu ukhale ndi chaka chothera, chotchulidwa pakamwa ana akumva. Mtsikana wanu akukula, mufunseninso maganizo. Mwina watopa kusiya anzake, mwina ayi. Simunandiuze, ndiye ndikukayika ngati munamufunsapo.

Konzekaninso mtima. Mukafika mupeza khonde lachepa, msewu wasintha, pamene panali mtengo pali golosale. Ana adzadandaula kutentha, adzasowa zimene anazolowera, mwina tsiku lachitatu mnyamatayo adzafunsa kuti tibwerera liti. Musalire, musamukalipire. Ana oyenda amakhala ndi makomo angapo, ndipo si matenda. Chimene mukufuna n'chakuti limodzi mwa makomowo likhale ndi nkhope ya agogo.

Chenjezo langa ndi ili. Musanene kuti tidikire zinthu zikhale bwino, tidikire kontirakiti ithe, tidikire mitengo ya ndege itsike. Pa ntchito yangayi ndalandira makalata ambiri a anthu a kunja, ndipo ndaona chinthu chimodzi: tikiti yopitira ku maliro imapezeka tsiku lomwelo, ngakhale kwa munthu amene dzulo lake ankati alibe kanthu. Yokaonera munthu wamoyo ndiyo imasowa chaka ndi chaka. Gulani imeneyo, mayi, bambo anu adakali pakhonde.

Aphungu