Kamakina ka Kudimba Kaiwalanso

Lachitatu, ku Kasakula. Kwatentha, ndipo mtima wanga sukukhazikika.

Kamakina kanga kowerenga madzi a pampu ya kudimba la gulu kaiwalanso. Nambala yowerengerayo ndinailemba mu pulogalamu yake ndi static, lamulo loti isafufutike, kuti fankishoni, kachigawo ka pulogalamu kowerengera, ikaitanidwanso nambalayo izipitiriza pomwe inalekezera. Singabwerere pa ziro pokhapokha magetsi a sola oyendetsa kamakinako atazima.

Masana ndapeza ziro. A Chimwaza, osunga makiyi a kanyumba ka pampu, akuti, "Ndi mitambo, aphunzitsi, sola inafooka." Mitambo iti? Kumwamba kunali mbee kuyambira m'mawa. Tomato wa enafe akufota, wawo ali biriwiri.

A Chimwazawo ndi akulu ampingo. Mawa nambalayo ndiisunga mu memore ya kamakinako yosafufutika ngakhale wina atazula waya. Koma ikawagwira ndikauza ndani? Wapampando wa gulu ndi mlamu wawo, ndipo ine ndine mphunzitsi chabe...