Duwa la malemu ndalilima ngati fodya

Aphungu,

Sukulu sindinaipondepo, choncho kalatayi akundilembera a Edson, anzanga a kukwaya, ine ndikungoyankhula. Mundipirire, ndine wolongolola.

Mayi a kunyumba kwanga, a Zipora, anatisiya chaka chatha. Kale anagwirapo ntchito ya m'nyumba kutauni, ndipo pobwerera kuno anabwera ndi duwa m'chitini. Mwana wathu Madalo akuti dzina lake ndi anthuriyamu. Masamba ake ankanyezimira ngati awadzoza mafuta, ndipo pakati pankatuluka kofiira psu, kooneka ngati kambale, kali ndi kachala kachikasu pamwamba. Ankaliika pampando pafupi ndi windo la kum'mawa, kuseri kwa katani. Ndikamawodzera pamkeka, kuwala kunkadutsa m'katanimo n'kugwera paduwalo, ine n'kumaona ngati nyumba yonse yafiira, ngati m'tchalitchi cha mawindo amitundu. Mpaka pano nthawi zina ndimamva ngati akulipukuta masamba uku akung'ung'udza nyimbo. Ndikadzidzimuka ndimapeza ndi njiwa chabe padenga.

Ankandiletsa: "Bambo a Madalo, musalikhudze. Manja anuwo ndi a fodya." Ine ndinkangoseka. Munthu woti ndalima fodya zaka makumi anayi, nazale yanga anthu ankachita kuchokera ku Nathenje kudzaiona, ndingalephere kaduwa ka m'chitini?

Ndiye atapita ndinati ndilisamale mwaulimi. Ndinalitulutsa pakhonde liwothe dzuwa. Ndinaliwokera m'ndowa ya dothi lakuda la kudambo, kheni ya madzi m'mawa, kheni madzulo, feteleza osaumira. Tofiirato ndinatidula, paja fodya timamudula nsonga kuti mphamvu ipite kumasamba. Lero masamba achita chikasu, m'mphepete mwapsa, atsala anayi okha.

Mu Okutobala tikumanga chiliza. Ndimalota ana akulowa m'nyumba n'kupeza duwa la mayi awo litafiira pamalo pake. Kodi lingadzuke?

M.K., Mitundu

Bambo M.K.,

Pepani ndi imfa ya amayi. Koma ndisakubisireni, ankanena zoona. Duwali kwawo ndi m'nkhalango zamvula, kumene limamera pamthunzi, mizu itakangamira makungwa a mitengo. Zimene fodya amakonda, ilo zimalipha.

Lero lomwe lizuleni m'ndowamo, mutsuke mizu. Yolimba ndi yoyererako isiyeni. Yakuda, yofewa, yonunkha, iduleni ndi mpeni wotsuka bwino. Dothi la kudambolo likagwire ntchito kumunda. Pezani chitini chocheperako, muboole pansi, muikemo makungwa ouma ophwanyaphwanya, timakala ndi masamba owolerana, kuti madzi azingodutsa ndipo mizu izipuma. Mukatero libwezereni kuseri kwa katani kuja. Amayi anasankha bwino malowo: kuwala kulipo, koma dzuwa silifika pamasamba.

Kheni ipume. Pisani chala m'chitinimo. Ngati pamwamba pauma, thirani mpaka madzi atulukire pansi. Ngati pali chinyezi, dikirani, ngakhale sabata yathunthu ithe. Feteleza ayi kwa miyezi itatu, ndipo pambuyo pake timibulu tochepa tosungunula m'madzi ambiri. Kofiira kakadzatuluka musakadule mpaka kafote kokha. Masamba muziwapukuta ndi kansalu konyowa, kenaka musambe m'manja, chifukwa utomoni wake umayabwa. Adzukulu asalawe.

Masamba anayi ndi okwanira ngati mizu ina ikadali moyo. Koma chenjerani. Okutobala akamayandikira, mtima wa mlimi udzakunong'onezani kuti muwonjezere feteleza kuti lifulumire. Mukamvera, ndiye mwalimaliza. Mwina tsikulo ana adzapeza tsamba limodzi lokha latsopano, lobiriwira, lopanda kufiira kulikonse. Limenelo ndilo muwaonetse.