Mzere Wofiira pa Dzina la Alamu

Lolemba, 3 Malichi

Pepani Ambuye, ndabweranso kudzakusokosani ndi zimene mukuzidziwa kale. Wina womuuza ndilibe.

Dzulo m'tchalitchi anthu khumi ndi anayi. Mabenchi makumi awiri, atatu othyoka. Abusa atsopano anawerenga kalata ya ku Presibiteriyo: pa 16 akubwera kudzaona kaundula. Odya mgonero akapanda kukwana makumi awiri, mpingo atseka. M'kaundula muli 17. Ndawerenga katatu.

Wosunga kaundulayo ndine. Anandisankha chifukwa cholemba mooneka bwino, osati sukulu. Sukulu ndinalekeza sitandade 7.

Lachiwiri, 4 Malichi

Abusa anabwera kukashopu kanga ndi wotchi yawo yakufa. Ndili mkati moitsegula, anapempha kaundula. Anafika patsamba lija. Mayina asanu ndi limodzi, lililonse lodulidwa ndi mzere wofiira. Anafunsa akuseka, "Awa anamwalira tsiku limodzi?" Kasikulu kanagwa pansi. Ndinakafunafuna nthawi yaitali, dala.

Sanamwalire. Dzina loyamba ndi la alamu anga, mkazi wa malemu achimwene. Chaka chimene ogulitsa m'misewu anathamangitsidwa, ena n'kumangidwa, mpingo wathu womwewu unatuma alamu ndi amayi ena asanu kuti aziyendera akaidi. Kuona akaidi, Lamulungu m'mawa. Mgonero, Lamulungu m'mawa. Lamulo limati wojomba mgonero katatu motsatizana popanda kalata, dzina lichoke. Kalata sanalembe. Kumene anali ndinkakudziwa, sopo wina ndinawagulira ndine. Koma ndinawerenga mayina pabwalo la akulu a mpingo, akulu anangogwedeza mitu, ine n'kutenga rula.

Mgonero wotsatira anabwera onse. Makadi awo a mgonero panalibe. Alamu sanakalipe. Anangoti, "Koma mzerewo ndi wowongoka, alamu?" Chichokereni tsiku limenelo. Zaka zinayi.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndayesa kupala mzere ndi lezala kuti mayina aoneke ngati alipobe. Pepala labooka, padzina la alamu penipeni. Mayi a kunyumba anandipeza ndikuuzira tizinyenyeswa. "Kodi munalakwira pepala kapena munthu?" Anatenga lezala yawo n'kutuluka.



Loweruka, 8 Malichi

Ndapita kwa alamu. Chipinda chimodzi, makina osokera pakhomo, ulusi mbwee pansi. Atangondiona: "A Rula! Mwabwera kudzayeza chitseko?" Anandipatsa mpando wopendekeka, akuti wowongoka m'nyumba muno mulibe.

Mawu onse amene ndinakonza panjira anathawa. M'malo mwa pepani, pakamwa panatuluka manambala. Tilipo 17, akufuna 20. Iwo osaimitsa n'komwe makina. "Ndiye mwasowa anthu kapena mwasowa manambala?" Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Kundende sanasiye kupita, iwo ndi anzawo aja. Popanda mpingo, popanda khadi. Akuti mawa 7 koloko ndikawanyamulire chikwama cha buledi, zina tidzakamba pambuyo.

Mawa ndi mgonero. Akudziwa bwino lomwe. Ine chilowereni mumpingo sindinajombepo.

Lamulungu, 9 Malichi

Mzere wa pageti la ndende wautali, wokhotakhota. Alonda kubaya buledi aliyense ndi waya. Chikwama cholemera, phewa likuwawa mpaka pano.

Mkati bambo wina wogweluka mano, wogulitsa nsapato zakale. Miyezi khumi ndi inayi osaonekera kukhoti. Alamu anamulemba m'kakope kawo kothimbirira, akuti amapita nako kwa loya wina wothandiza ulere. Zilembo ngati mapazi a nkhuku. Mayina kuposa zana, palibe ndi limodzi lomwe lodulidwa. Amene anatuluka amangowaikira kanyenyezi.

Bamboyo anafunsa kuti ine ndine yani. Alamu anati, "Mlembi wa mpingo wathu." Wathu. Kapena lilime linangoterereka, kaya.

Pobwera ndinatsegula kaundula. Padzina langa ndalemba: sanabwere, kalata palibe. Kamodzi.

Lachitatu, 12 Malichi

Bwalo la akulu lakumana, atatu ndi abusa. Ndinaimirira n'kunena zonse, ndi za lezala zomwe.  Mkulu wina, kalipentala, anati naye anagwedeza mutu tsiku lija, ndisadzitengere ndekha. Sizinandipeputse.

Avomera kuti mayina abwerere ngati eni ake akufuna. Avomeranso kuti mgonero uzichitika masana, anthu atabwerako kundende. Kukambirana kwake mphindi zisanu. Mphindi zisanu basi, Ambuye.

Tsopano kwatsala alamu. Kalata ndalemba kasanu, zinayi ndang'amba. Yachisanu ndalowetsa pansi pa chitseko chawo. Ndikuikopera pano kuti ndisadzasinthe mawu m'mutu:

Alamu, pepani kukuvutitsani. Analakwa ndine, osati lamulo. Kaya mpingo atseka kaya ayi, chikwama ndizinyamulabe Lamulungu lililonse. Koma ngati inu ndi amayi aja mungalole kuti mayina anu alembedwenso, chonde mundiyankhe lisanafike Loweruka, kuti ndilembe tsamba latsopano. Lakale lili ndi bowo. Rula ija ndakusiyirani pawindo, muziyezera nsalu.