Mwana Wanga Wasankha Nyimbo Yonditukwana Kuti Avinire pa Chinkhoswe

Aphungu,

Mawu ena akapsa m'kalata muno mundikhululukire, mtima wanga uli pamoto. Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Chisepo, ndimagulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Mwana wanga woyamba, mtsikana dzina lake Lonjezo, chinkhoswe chake chili mwezi wamawa. Mayi wina aliyense bwenzi pano akusankha chitenje choti mbumba idzavale. Ine ndikungofuna kuswa wayilesi.

Chandipsetsa mtima ndi chimbale chatsopano cha Rozina, woimba uja wochokera kumapiri a Ntchisi. Watolera nyimbo zake zakale zomwe zinatchuka n'kuziika pamodzi, wachitcha Mphale Yokhayokha, ati gaga wapeta wataya. Kulikonse kumene ndingaponde chikulira: pasitolo ya a Bilal, kuchigayo, pa njinga za kabaza. Anyamata oika nyimbo m'mafoni sakupuma nacho. Nyimbo yoyambirira pachimbalepo ndi "Nkhokwe ya Nachisale". Aphungu, Nachisale ameneyo ndine.

Ndisanabwere kuno ndinakwatiwapo ku Kasakula ndili wamng'ono, ananditenga chitengwa. Mwamuna wanga anali Fatsani, mchimwene wake wa Rozina, bere limodzi. Zaka zinadutsa popanda mwana. Inu mukudziwa mmene akazi amachitira pamtondo. Zimene sangakuuze m'maso amaziponya m'nyimbo musi ukugunda, ndipo sungakadandaule kwa ankhoswe chifukwa adzangoti timaimba kuti ntchito ipepuke. Apongozi anga ndiwo anaiyambitsa, alamu anga n'kumavomera. Ine ndili pomwepo, musi wanga m'manja, kukonola chimanga choti adye iwo omwewo. Ankati:

"Nkhokwe ya Nachisale kukongola kunja,
tikasuzumira muli mbewa zokha.
Mbereko tinagula yadyedwa ndi chiswe,
Nachisale iwe, tibwezere nsalu yathu."

Rozina nthawi imeneyo anali namwali wa m'kwaya. Tsitsi ndinkamuluka ndine, malaya a kutchalitchi ndinkamusitira ndine, koma povomera nyimboyo mawu ake ndiwo ankamveka mpaka kuchitsime. Ndinapirira mpaka ndinatopa. Ankhoswe anakhala pansi, ukwati unatha, ndinapita kukagwira ntchito yosankha fodya pa esiteti ina ku Dowa. Kumeneko ndinakumana ndi a Mikayeli, amuna anga a pano, ndipo mvula yachiwiri isanagwe ndinali nditabereka Lonjezo kumbuyo. Fatsani anakwatiranso kawiri, koma mpaka lero m'nyumba mwake simunalire khanda. Ndiye mundiuze, nkhokwe yopanda kanthu inali ya ndani?

Rozina atapita ku Lilongwe anaitenga nyimbo ija, anaikamo magitala, n'kuitulutsa pa kaseti, Lonjezo akukwawa. Ndinaluma mano. Ndinati nyimbo zimabwera n'kupita, nayonso izizira. Inaziziradi. Kuno ku Chisepo palibe amanditchula Nachisale, onse amati amake Lonjezo, ndipo ndinakhala pamtendere zaka zonsezi mpaka chimbale chatsokachi chinadzafukula maliro.

Lamlungu lapitali pa wayilesi ina panali pologalamu yoti omvera aziimba foni kunena maganizo awo pa chimbalechi. Ndinali pakhonde kusankha nyemba. Oyambirira sanandikhudze. Wina ankadandaula kuti sanaikemo nyimbo yauzimu yomwe anaimbira paukwati wake, wina ankati magitala a pakaseti ankakoma kuposa makina a masiku ano. Kenako zinayamba. Bambo wina wa ku Mponela anati, "Ya Nachisale ndiye nyimbo, akazi ongodya osabereka amve!" Mayi wina wa ku Madisi, mzimayi mnzanga, akuseka mpaka kutsamwa, anati, "Ine kukangoyamba kugunda kwa musi kuja, ndiwo zipserere, ndimavina kaye." Mnyamata wina, amene ndikukhulupirira kuti sanagwirepo musi chibadwire, anati ichi ndiye chikhalidwe chathu chenicheni, oimba a lero aphunzirepo. Mayi mmodzi yekha wa ku Malomo ndi amene anati nyimboyi imalasa anthu ena m'mitima. Woulutsa anamudula: "Amayi, n'zongosangalatsa izi, tipatse mpata ena."

Rozina anali momwemo mu situdiyo. Atamufunsa ngati Nachisale alipodi, anaseka kaye, ndiye anati, "Aaa, ndi nyimbo ya makolo imeneyi, ndinaimva kwa malemu mayi anga. Nachisale ndi dzina chabe." Dzina chabe! Munthu amene ndinkamuchotsa nsabwe m'mutu! Nyemba zonse zinamwazikira pansi, nkhuku n'kupezerapo phwando.

Zikanathera pa wayilesi ndikanameza. Koma Lonjezo ndi anzake omuperekeza asankha nyimbo yomweyi kuti adzalowere pabwalo tsiku la chinkhoswe. Madzulo aliwonse amayeserera mavinidwe pakhomo panga pomwe, sipika ili pampando wanga. Tsiku lina anandithamangira akuwefuka ndi chimwemwe, nati, "Amama, taonani! Ine ndidzanyamula kamusi, anzangawa malichero, tizidzasinja motsatira ng'oma. Ndiye akadzaitana mayi a mkwatibwi kudzafupa, dijeyi adzaibwereze, mudzavine mpaka fumbi koboo!" Ndinati, "Sankhani ina." Iye anati, "Bwanji amama? Dziko lonse likuvina imeneyi. Gift wamuuza kale dijeyi, ndiponso apongozi anga amaikonda." Gift ndiye mkamwini wanga wam'tsogoloyo. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani. Ndinazula waya wa sipika n'kuuponya padenga. Mwana analira pamaso pa anzake, nati ndine wachikale, ndikufuna kumuwonongera tsiku lake. Kuchokera pamenepo timangopatsana moni ngati anthu okumana pachigayo.

Lonjezo amangodziwa kuti ndinakwatiwapo kwina, basi. Za mtondo uja sindinamuuzepo. Bambo ake amadziwa zonse, koma yankho lawo ndi lakuti, "Ingovinani amake Lonjezo, akudziwa ndani kuno?" Akudziwa ndani? Abale anga akubwera pa lole yodzaza kuchokera ku Ntchisi. Mkulu wanga Faines, amene ndinkakamulirira pachifuwa, adzakhalapo. Amalume amene anakanditenga ku Kasakula ukwati utatha ndiwo adzalandire tambala wa chinkhoswe. Onsewo adzandione ndikudumpha ndi ndalama m'manja, kufupa nyimbo yonditukwana, mwana wanga akusinja kutsogolo kwanga?

Pologalamu ija ibweranso Lamlungu, ndipo mayunitsi ndagula kale. Ndikufuna ndiimbe, nditchule dzina langa, ndiuze dziko lonse kuti Nachisale ali moyo, ali ndi ana anayi, ndipo gojo anali mchimwene wake wa Rozina yemweyo. Naye amve mmene zimawawira dzina la kwanu likamaseketsa anthu. Zikakanika, chinkhoswecho adzachite okha, ine ndidzadzitsekera m'nyumba. Ndiuzeni chochita, koma chonde musandiuze kuti ndingokhululuka. Mawu amenewo ndawamva kokwanira.

M.C., Chisepo, Dowa

Amayi M.C.,

Choyamba, mtima m'malo: maina, malo ena ndi mawu a nyimbo ndawasintha ndisanasindikize kalata yanu, kuti ndisakhale ine wokuyalutsani.

Sindikuuzani kuti mukhululuke. Mkwiyo wanu uli m'malo mwake, ndipo nane ndawerenga magazi akuwira. Nyimbo ya pamtondo imathera pabwalo pomwe yaimbidwa, mphepo imaiulutsa limodzi ndi gaga. Kuitola, dzina la munthu wamoyo lili momwemo, n'kukadyera nayo pa wayilesi, si kusunga chikhalidwe ayi, ndi nkhanza zovala chitenje. Bambo wa ku Mponela uja achite manyazi, ndi woulutsa yemwe. Ndipo mvetsani ichi: ngakhale mukanakhala kuti simunabereke mpaka lero, nyimboyo ikanakhalabe yonyansa. Ana anu anayi si umboni wa pamlandu. Panalibe mlandu chiyambire.

Koma foniyo musaimbe. Walira mvula walira matope. Lero Nachisale ndi dzina louluka m'mwamba. Mukangoimba, Nachisale adzakhala ndi benchi ya tomato pamsika wa Chisepo, mawu anu adzazungulira m'mafoni, ana adzakuimbirani nyimboyo mukamadutsa, ndipo chimbale cha Rozina chidzayenda malonda kuposa kale. Pachinkhoswe padzadzaza anthu odzaona inu, osati mwana wanu. Chinanso, kutchula Fatsani kuti gojo pamaso pa dziko ndi kutola musi womwe apongozi anu anasiya. M'kalata yonseyi simunanene kuti iye ankaimba nawo. Ndipo pa wayilesi yomweyo pali amayi ndi abambo opanda ana amene akumvetsera mwakachetechete, monga munkamvetsera inu. Musawalase kachiwiri. Mayunitsiwo muimbire Faines.

Zodzitsekera m'nyumba nazonso iwalani. Anthu a ku Kasakula anakusamutsani pamudzi kamodzi. Musawalole akusamutseninso pachinkhoswe cha mwana wanu, iwo asakudziwa n'komwe.

Munthu woyenera kumva mawu anu ndi mmodzi yekha, ndipo akugona m'nyumba mwanu. Mutengeni Lonjezo, mupite naye kudimba awiriwiri, anzake asakhalepo. Yambani ndi kupepesa za waya uja, mwachidule, chifukwa munamuchititsa manyazi pa chinthu chimene sakudziwa. Kenako muimbireni nyimboyo ndi pakamwa panu, popanda magitala, mmene inkaimbidwira musi uli m'manja mwanu. Achinyamata amavina ng'oma, mawu sawamva. Mukamaliza muuzeni kuti, "Nachisale ndine." Mukalira lirani, si mlandu. Mwasunga nkhaniyi ngati manyazi anu, chikhalirecho manyaziwo ndi a amene ankaimba. Mwana wanu akupita kukakhala pakati pa apongozi ndi alamu. Palibe mlangizi amene adzamupatse mwambo woposa umenewu, ndipo tsiku lina iyenso adzakhala mlamu wa mwana wa eni.

Mukatero, bwererani kwa a Mikayeli. Auzeni kuti "ingovinani" si yankho la mwamuna amene akudziwa zonse. Iwo ndi ankhoswe apite kwa akuchimuna akanene kuti mbumba yakana nyimbo imeneyi, ndipo sakukakamizidwa kufotokoza chifukwa. Ngati Lonjezo afuna kumuuza Gift, amuuze yekha. Dijeyi asangolonjeza pakamwa, aichotseretu m'makina ake wina akuona, chifukwa pa perekaniperekani sipalephera malume woledzera wobwera ndi ndalama m'manja kudzaitanitsa ya pamtima pake. Nkhanga zinapangana kusanapse. Tsikulo Faines akhale pafupi ndi masipika. Mmene mwamufotokozera, ndikuona kuti ntchito imeneyo aikwanitsa.

Za Rozina zidikire chinkhoswe chithe. Mlandu suola. Ngati mtima udzakhale ukufunabe, tumani akuluakulu a kwanu akaonane ndi a kwawo, kapena mumupeze nokha maso ndi maso, mumukumbutse amene ankamuluka tsitsi, mumupemphe asiye kutchula dzina lanu akamaimba pagulu. Akhoza kukana, akhozanso kuchita manyazi. Musamangirire mtendere wanu pa yankho lake.

Chenjezo langa ndi ili: musazengereze. Mukangokhala chete n'kuiletsa nyimboyo mwaukali, mwana adzakusungirani chakukhosi moyo wake wonse. Mukakhala chete n'kuilola, lole ya ku Ntchisi idzafika, wina adzamunong'oneza kuvina kutatha, ndipo kanema wa tsikulo adzakhala ali m'foni ya aliyense. Pamenepo sadzadzikhululukira yekha, ndipo inunso sadzakukhululukirani pomusiya achite zimenezo. Madzulo ano mwana wanu atenganso kamusi kaja kuyeserera kusinja mayi ake asakudziwa. Muuzeni lero, ndipo mudzaona, kamusiko adzakaika pansi yekha.

Aphungu